Kaiti yosoka wekha: jumbo, ambulera yakutha kapena jekete ya pa kaunjika, nanga kukaulutsira kuti?

Kaiti ya jumbo tonse tinakula nayo, timitengo tiwiri topingasa, kajumbo kakuda, ulusi wosolola ku saka la feteleza, mchira wa nsanza, basi kuthamanga nayo pa bwalo mpaka ikodwe mu mtengo wa mango. Koma pali kaiti ina yosoka ndi singano, ya nsalu, yoti ukamaliza kuulutsa umasolola timitengo nkuipinda kuika mchikwama ndipo chaka chamawa umaipeza ili bwinobwino, nde ndi imeneyi ndikufuna tikambirane, makamaka ife a kuno ku Mulanje ndi Thyolo amene mphepo yathu siyofanana ndi ya kunyanja. Ine maganizo anga ndi oti musanadule kansalu kalikonse muyambe mwadziwa komwe mukaulutsire, chifukwa mphepo ya kumeneko ndi imene ikuuzeni nsalu yoti mutenge, mtengo woti museme ngakhalenso kapangidwe kake.

Mphepo ya kuno ndi ya ukali wa apo ndi apo. Phiri lathu la Mulanje ndi lalikulu, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, nde mphepo ikagunda phiri loterolo sibwera mowongoka ayi, imatsika mzigwa, imazungulira, mphindi ino yawomba mwamphamvu mphindi inayo ziii. Kuwonjezera apo tili ndi chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yozizira ija yochokera ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone, imene imabwera ndi nkhungu komanso kamvula kowaza kosatha. Kaiti ya nyuzipepala kapena pepala la simenti pa chiperoni ndiye musavutike nkomwe, imanyowa nkung'ambika musanamasule ulusi wonse. Miyezi yabwino kuno ndi kumapeto kwa Ogasiti, Seputembala mpaka Okutobala, kunja kutauma, mminda atakolola. Mvula ikangoyamba cha mu Novembala kaiti ikasungidwe, ulusi wonyowa ndi ziphaliwali si zinthu zoseweretsa.

Tiyambe ndi nsalu poti apa ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi.

Jumbo ndi yopepuka kuposa zonse, imauluka ngakhale ndi kamphepo kongogwedeza masamba, ndipo simvanso madzi. Vuto lake siyisokeka, paliponse pomwe singano yaboola ndi pomwe iyambire kung'ambika, nde umangodalira selotepi, ndipo selotepi ikawombedwa dzuwa la Okutobala imamatuka yokha. Chinanso tisaiwale kuti mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) boma linawaletsa mu 2015 ndipo khothi la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komanso ulusi ukaduka kajumbo kaja kamakagwera kudambo komwe mbuzi ndi ng'ombe zikudya. Ine jumbo ndimaiona yothandiza pa chinthu chimodzi, kuyesera muyezo. Dulani kaye kaiti yanu pa pulasitiki yokhuthalako, ngati ija imakhala mkati mwa matumba ena a feteleza, muiulutse, ikachita bwino muyezo womwewo muukopere pa nsalu yeniyeni. Mukatero simuononga nsalu yabwino pa chinthu chosauluka.

Chitenje ndi chimene mtima umafuna chifukwa cha kukongola, aliyense amaganiza kuti kaiti ya chitenje mmwamba ingaoneke bwino heve, ndipo nzoona ingaoneke bwino. Koma thonje ndi lolemera, kawiri kapena katatu kuposa nayiloni yopyapyala, mphepo imadutsa mkati mwake, ndipo likagwidwa ndi nkhungu ya chiperoni limalemera ngati bulangete lochapa. Sikuti sichingauluke, makaiti akale ambiri anali a nsalu ya thonje, koma chimafuna kaiti yaikulu ndi mphepo yamphamvu yosadukiza imene kuno timaipeza mwa kamodzikamodzi. Ngati mukuchifuna chitenjecho ching'ambeni tizingwe mupange mchira, kumeneko kulemera kwake ndi phindu.

Saka la ufa kapena la feteleza ndi laulere ndipo ndi lolimba koma limasosoka mmbali mukangolidula, lina mphepo imadutsa, nde limagwira pa kaiti yaikulu yokha. Ndingolisiya pomwepo.

Tsopano ambulera yakutha, imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse kwa munthu woyamba. Kuno mvula ndi yambiri nde maambulera othyoka nthiti sasowa, pafupifupi nyumba iliyonse ili nayo kuseri kwa chitseko, ndipo anthu okonza maambulera pa msika amakhala ndi mulu wa nsalu zoti alibe nazo ntchito. Nsalu yake ndi yopepuka, simwa madzi, mphepo siyidutsa ndipo imasokeka bwino. Mutenge lezala mudule timaulusi tomwe tamangirira nsalu ku nthiti zija, kenako mumasule chapakati paja. Mudzaona kuti ambulera zambiri zili ndi zigawo 8 za makona atatu, ndipo mukaiyala pansi siyigona fulati, imatukumuka pakati chifukwa anaisoka kuti ikhale yozungulira. Apa musachite ulesi, phwasulani zigawozo chimodzichimodzi, muwongole mmbali mwake ndi rula ndi sizasi kenako muzilumikizenso, china mutu mmwamba china mutu pansi, mpaka mupeze nsalu yogona bwino pa tebulo. Maambulera awiri a mitundu yosiyana amatulutsa kaiti yokongola kwabasi. Posita samalani, simbi ya makala yotentha kwambiri imaisungunula nthawi yomweyo, yalani kansalu kena pamwamba.

Yoposa ya ambulera ndi nsalu imene opanga makaiti enieni amagwiritsa ntchito, ripstop nylon. Mshopu kuno simuipeza mwachisawawa koma pa kaunjika ilipo, kaya pa Chitakale, Limbuli, Luchenza, Bvumbwe kapena mukapita ku Limbe, mumajekete opyapyala otchinga mphepo aja ndi mumatenti akutha. Kuizindikira kwake nkosavuta, iyang'anitsitseni pa dzuwa mudzaona timabokosi ting'onoting'ono tolukidwa mu nsalumo, timeneto ndi ulusi wokhuthala umene umaletsa kung'ambika kupitirira. Kenako iikeni pakamwa muuzire, mpweya ukamadutsa mosavuta isiyeni. Jekete imodzi kumsana kwake ndi kumene kuli nsalu yaikulu, manja amapereka tizidutswa, nde pa kaiti ya mita imodzi ndi theka mufunika kulumikiza. Tenti ndiye mwayi waukulu chifukwa nsalu ndi yotambalala komanso mwina mupeza ndi timitengo take. Renikoti yokhuthala yokhala ngati labala ija ayi, ndi yolemera. Kusiyana kwa ripstop ndi ambulera mudzakuona pa mphepo yamphamvu ya kunyanja, ambulera imatamuka pang'ono ndipo ikabooka pamtengo waminga imang'ambika kutali, pomwe ripstop imaima pa kabokosi kotsatira. Koma pa bwalo la mpira la kwathu kuno ambulera ikukwanirani.

Pa timitengo ife tili ndi mwayi chifukwa nsungwi ndi zosasowa, ndipo ngakhale ku China komwe makaiti anayambira zaka zoposa 2,000 zapitazo ankagwiritsa ntchito nsungwi yomweyi ndi nsalu ya silika. Sankhani yokhwima yodulidwa nthawi ya chilimwe ndipo iume bwino, yaiwisi imapindika ikamauma komanso imafumbwa msanga. Ing'ambeni ndi chikwanje kenako muzipala ndi mpeni chamkati, khungu lakunja losalala lija musalichotse poti mphamvu yonse ili mmenemo. Pa mfundo palani mofatsa kuti pasatsale chotupa. Mukamaliza gwirani nsonga zonse ziwiri mupinde pang'ono muone ngati uta wake ukufanana mbali zonse, kenako muuike pa chala chapakatikati muone ngati ukukhazikika, mbali imene ikugwa ipaleninso. Ngati wakhota uwambeni pamwamba pa mbaula pang'onopang'ono mukuwongola ndi manja, ukazizira umakhala momwemo. Anthu odziwa kuluka malichero ndi madengu ntchito imeneyi amaichita mwa mphindi zochepa, kuwapempha kuti akusemereni nkwabwino kuposa kulimbana nazo nokha ndi mpeni wobuntha.

Bango ndi lopepuka kuposa nsungwi ndipo limabwera lowongoka kale, pa kaiti yaing'ono ya ana ndi labwino, koma silipindika, limangothyoka kaiti ikagwa chamutu. Timitengo ta tenti ta fibreglass sitithyoka wamba ndipo timafanana ndendende, kungoti ndi tolemerako, tabwino pa kaiti yaikulu. Nthiti zachitsulo za ambulera zija ndikupemphani musaziike pa kaiti, ndi zolemera, zikagwera munthu zimabaya, ndipo chitsulo pafupi ndi mawaya a magetsi ndi ngozi yeniyeni.

Kapangidwe ndiye pali mitundu inayi yoti munthu angasoke pakhomo osafuna zida zachilendo.

Ya dayamondi ndi yomwe timaidziwa ija. Mukaipanga fulati imafuna mchira wautali, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kutalika kwa kaitiyo. Koma pali njira ina imene William Eddy wa ku America anaitchukitsa zaka za mma 1890, timitengo tiwiri totalika mofanana, tinene masentimita 80, topingasana pafupi ndi kumutu pa masentimita 16, kenako kamtengo kopingasako mumakakoka ndi ulusi kumbuyo kuti kapange uta wakuya pafupifupi masentimita 8. Uta umenewu umaikhazika kaiti moti itha kuuluka popanda mchira. Kwa mphepo yathu yodukizadukiza ine ndimati pangani zonse ziwiri, uta ndi kamchira komwe, imapirira kwambiri.

Sled ndi yophweka kuposa zonse, timitengo tiwiri toima mofanana popanda kopingasa, mphepo yokha ndi imene imaitambasula, ndipo zingwe ziwiri zochokera mmapiko zimakumana patali, zikhale zazitali katatu kutalika kwa kaitiyo ndipo zifanane ndendende. Mwana wa pulayimale atha kuisoka tsiku limodzi. Koma apa ndi pomwe nkhani ya malo ikubwera, sled mphepo ikangodukiza kapena kubwera chammbali imapindika nkugwa, nde pafupi ndi phiri kapena pakati pa mitengo ya bulugamu idzakukhumudwitsani, pomwe pa mchenga wa kunyanja imakhala mmwamba tsiku lonse.

Delta ndi imene ndimaikonda. Ndi ya makona atatu, mapiko mita imodzi ndi theka, msana masentimita 75, timitengo tinayi, kamodzi pamsana, tiwiri mmbali mwa mapiko ndi kena kotambasula kumbuyo, ndipo pansi pamimba pali kansalu kena ka makona atatu komwe mumamangapo ulusi. Nzeru yake inachokera ku phiko lofewa limene Francis Rogallo ndi mkazi wake Gertrude anapanga mu 1948. Ubwino wake imakwera ndi mphepo yochepa, mphepo ikadukiza siyigwa nthawi yomweyo imayandama kudikira ina, ndipo imakwera pafupifupi pamwamba pa mutu wako. Kusoka kwake nkochulukirapo chifukwa mmbali monse mufunika mipendero yolowetsamo timitengo, ndipo timitengo ta mmapiko tiwirito tikasiyana kulemera kapena kulimba idzapendekera mbali imodzi mpaka kalekale. Pa mphepo yamkuntho delta ya nsungwi imavutika, kamtengo kotambasula kamapindika mpaka kuthyoka.

Ya bokosi anaipanga Lawrence Hargrave ku Australia mu 1893, ndi yokhazikika ndipo imakoka mwamphamvu koma imadya nsungwi zambiri ndi nsalu yambiri, ndipo popanda mphepo yamphamvu siyinyamuka pansi. Kuno mudzaidikirira mphepo masiku ambiri. Ngati muli ndi ulendo wa kunyanja nthawi ya mwera pamenepo ndiye ipangeni. Palinso parafoil yopanda mtengo uliwonse ya Domina Jalbert ya mu 1964, yokongola zedi koma kusoka kwake nkwa munthu amene wazolowera kale, musayambire pamenepo.

Kusoka pamanja kapena kupita kwa atelala? Pamanja zimatheka ndithu, dayamondi ndi sled sizifuna zambiri, bola musoke mobwerera mmbuyo kuti ulusi usasololoke ndipo ulusi wake ukhale wa poliyesita osati wa thonje umene umaola ukanyowa. Koma delta ndi ya bokosi pitani nazo pa khonde kwa atelala, mashini opondera a Singer kapena Butterfly amasoka nayiloni bwinobwino. Kungoti mukhale pomwepo muwafotokozere mwaulemu, chifukwa iwo anazolowera madiresi ndi mayunifomu. Muwauze kuti bambo, tayikani singano yaing'ono nambala 12 kapena 14, ndipo msoko ukhale wotalikirana, mamilimita atatu kapena anayi, chifukwa msoko wothinana umaboola nsalu mzere umodzi nkukhala poyambira kung'ambika. Nayiloni imaterera pansi pa mashini nde mmalo mwa mapini matani kaye ndi guluu wa mapepala kapena tizidutswa ta selotepi. Podula pindani nsalu pakati mudule mbali zonse nthawi imodzi kuti zifanane, kusiyana kwa sentimita imodzi kumaoneka mmwamba. Kumbukiraninso kuti nsalu imatamuka kwambiri mukaikoka chopingasa ngodya ndi ngodya, nde mbali yakumbuyo imene imakupizidwa ndi mphepo itsate momwe ulusi wa nsaluyo ukuyendera. Mmbali mosapindira dutsitsanimo mpeni wotentha kuti musasosoke. Ndipo mmakona momwe timitengo tikuthera sokanimo timatumba ta nsalu yolimba, kachidutswa ka jinzi kapena lamba wa chikwama chakutha, chifukwa kaiti zambiri zimafera pomwepo, kamtengo kamaboola nsalu nkutuluka.

Timatumba timeneti ndi timenenso timapangitsa kuti kaiti iphwasuke nkulowa mu minibasi popanda kukangana ndi kondakitala.

Ulusi woulutsira, wa atelala wamba uja umaduka, siyani. Wa osoka nsapato wa nayiloni ndi wabwino pa kaiti yosapitirira mita ndi theka, ndi wolimba komanso wopepuka. Twaini ya asodzi yosokera maukonde ndi yolimba kuposa pamenepo ndipo ku Mangochi siyisowa, pa kaiti ya bokosi tengani imeneyo. Ulusi wa mbedza woonekera ngati galasi uja ine sindiufuna, umacheka zala kaiti ikakoka mwadzidzidzi, suoneka nde wa kabaza atha kuulowa pakhosi, ndipo ukatsala mtchire umakola mbalame. Waya ayi ndithu. Mamita 50 mpaka 100 ndi okwanira, muukulunge pa chitini kapena kathabwa osati pa dzanja.

Nanga malo. Minda ya tiyi ukaiona umati apa ndiye pabwino, yatambalala ndipo mphepo pamwamba pake imayenda bwino, koma ndi malo a eni ake, kaiti ikagwera pakati simungapondeponde tiyi kukaitola popanda chilolezo, ndiponso mawaya a magetsi amadutsa malo ambiri. Bwalo la sukulu nthawi ya holide kapena galaundi ya mpira ndi malo apafupi osalipira, chachikulu muime kutali ndi mitengo ndi nyumba zomwe zili kumene mphepo ikuchokera, chifukwa kuseri kwa mtengo mphepo imasokonekera mtunda wokwana pafupifupi kasanu ndi kawiri kutalika kwa mtengowo. Ana auzeni mobwereza kuti kaiti ikakodwa pa waya wa magetsi aisiye pomwepo, asakoke, asatokose ndi nsungwi.

Mukazungulira phiri kulowera ku Phalombe chigwa chake ndi chafulati mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa, mphepo yake ndi yowongoka kuposa ya pa Boma kapena Likhubula, ndipo ulendo wake ndi wotheka kupita nkubwerako tsiku lomwelo. Koma musayembekeze mchenga, Chilwa ndi nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo, gombe lake ndi matope ndi mabango ndipo madzi amasunthasuntha, mu 1995 ndi 2018 inafika pouma. Kaiti ikagwa mmatope amenewo ya ambulera mumangoitsuka, ya chitenje ndiye yatha ntchito tsiku limenelo. Mbalame za mmadzi ndi zambiri kumeneko nde ulusi woduka musausiye.

Mchenga weniweni uli ku Mangochi, kudzera Limbe, Zomba, Liwonde, ulendo wodya pafupifupi tsiku lonse pa minibasi ndipo thiransipoti yake si yamasewera, nde palibe amene angapitire kaiti yokha, koma ngati muli ndi ulendo wa tchalitchi, wa sukulu kapena wa banja ikani kaiti mchikwama. Kusiyana kwake mudzakumva mmanja, mphepo yochokera pamadzi sinagunde mtengo kapena nyumba, imabwera yosalala, ulusi umangolira osagwedezeka, simuthamanga nkomwe. Mumangoima mphepo ikukuombani kumsana, mnzanu apite ndi kaiti mamita 20 kapena 30, aikweze mmwamba nkuisiya, inu nkukoka pang'ono basi yapita. Ikamazungulira wonjezerani mchira ndipo muonenso ngati mbali zikufanana, ikamakoka kwambiri koma osakwera sunthirani mfundo ya ulusi chakumutu pang'ono, sentimita imodzi nthawi imodzi. Muyang'anenso komwe mphepo ikulowera, ikamachokera kumtunda kupita pamadzi ulusi ukaduka kaiti yapita.

Kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti kunyanja kumawomba mwera, ndipo a zanyengo akachenjeza asodzi kuti asalowe pamadzi dziwani kuti delta ya ambulera ndi nsungwi siyipirira tsiku limenelo, tulutsani ya bokosi kapena dayamondi yaing'ono ya mchira wautali ndipo valani magolovesi kapena mukulunge kansalu mmanja. Masiku a kamphepo kayaziyazi delta ndi sled ndi zimene zimasangalatsa. Magombe ambiri pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ndi a malo ogona alendo nde pemphani kaye, ndipo pa gombe la mmudzi, kaya ndi ku Cape Maclear, kumbukirani kuti anthu ali pantchito, pali maukonde oyanikidwa, mabwato ndi mathandala a usipa, kaiti ikagwera pa thandala mwaononga ndiwo ndi ndalama za munthu. Perekani moni kwa akuluakulu omwe mwawapeza, afunseni mbali yomwe mungaime, iwo mphepo ya pamalopo amaidziwa kuposa ife ndipo akuuzani ngati itembenuke masana.

Pobwerera kutumulani mchenga mtimatumba tija chifukwa umadya msoko, muyanike nsalu iume kaye musanaipinde, ndipo nsungwi muzimange pamodzi ndi kamtengo kowongoka nkuzisunga pouma kudenga, apo ayi chinyontho cha kuno chizikhotetsa isanafike Ogasiti wina.